Chinangwa cha NyaLongwe Sichithamangitsidwa

MUTU 5

1. Ntchito imene anamusiyira

Mayi Margret ananyamuka Lamulungu atangoweruka ku tchalitchi, ulendo wa ku Limphasa kukathandiza mlamu wawo kumweta mpunga. Pakhomo anasiya Sungeni, mtsikana wa Fomu 2, mwana wa malemu mng'ono wawo. Anamulera kuyambira pamene mayi ake anatisiya, ndipo Sungeni ankawatchula kuti ama, monga amachitira ana a ku Chintheche.

Nkhani imene inali m'kamwam'kamwa pamudzipo inali ya Winston, mlongo wake wa Sungeni. Ankabwera Lachisanu kuchokera ku Joni, kumene anakhala zaka zambirimbiri osaponda kwawo. Ngakhale maliro a mayi ake anangowamvera pa foni.

Koma sikuti ankabwera kudzangocheza ayi. Bambo wina wa ku Mzuzu ankafuna munda wa malemuwo, umene unali kufupi ndi nyanja, kuti amangepo malo ogona alendo. Achibale anagwirizana kuti mawu omaliza anene ndi Winston, poti ndiye mwana woyamba. Ndipo pa foni Winston ankamveka ngati munthu woti wagulitsa kale.

Panali kanthu kamodzi kokha kamene kanapatsa mayi Margret chiyembekezo. Asanadule foni, Winston anati akadzafika adzamuphikire kondowole wa ufa wa m'munda mwa mayi ake, osati wogula pamsika.

M'mundamo munali chinangwa cha mtundu umodzi wokha. Banja lonse linkachitchula kuti NyaLongwe, dzina la agogo awo amene anabwera ndi mitengo yake pamutu kuchokera ku Bandawe pokwatiwa. Chinali chowawa koopsa. Anyani ankachilambalala, akuba nawonso sankachiyang'ana kawiri. Koma chikaviikidwa bwino m'madzi, ufa wake unkatulutsa kondowole wonanda, wa kafungo kakekake, woti mwana wa m'banjamo akanamuzindikira ngakhale atatsinzina.

Chikwama chili kale m'manja, mayi Margret anaima pakhomo nkuyamba kumulangiza.

"Sungeni, tchera khutu. Ufa watha m'nyumba muno. Mawa ukangoweruka kusukulu ukazule, usende, ukaviike ku dziwe la amayi ako lija. Ndati mawa, osati mkuja. Ino ndi nyengo ya mwera, madzi azizira, chinangwa chimachedwa kufewa. Ndipo usakawerenge masiku ngati uli m'kalasi ya masamu. Ukafunse chala chako. Ukadina, chala nkulowa ngati m'nthochi yakupsa, kaulusi ka pakati nkusololoka kokha, ndiye kuti chapsa. Chikakana, chisiye. NyaLongwe sathamangitsidwa, mwanawe. Amene amamuthamangitsa amaona ukali wake. Mlongo wako akadzadya kondowole wa mayi ake, mwina mtima wake udzabwerera kuno. Ine mawu ndinathera pa foni, chatsala ndi ufa umenewu."

Sungeni anavomera ndi mutu, koma maso ake anali pa nsapato zake za mpira zimene anaziyanika pa thandala.

2. Zengerezu

Tisamunamizire Sungeni, sanali mwana waulesi. Vuto lake linali mpira wa manja. Ndiye anali womwetsa zigoli wa timu ya pasukulu pawo, ndipo mpikisano wa masukulu unali pafupi. Lolemba anachoka pabwalo miyendo ili lendelende, nati ndizula mawa. Mawalo litafika, aphunzitsi anawonjezera nthawi yokonzekera, iye nati chinangwa sichithawa. Paja akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu.

Khasu analigwira Lachitatu. Anazula mothamanga, kusenda mothamanga, nkukakhuthula m'kadziwe ka kumunsi kwa munda, m'mbali mwa kamtsinje. Pamwamba anatsindirapo mwala wafulati umene mayi ake ankatsindira nawo, kuti chinangwa chisayandame.

Tsiku lotsatira ataweruka anapita kukaona, ali ndi mnzake Jackie. Jackie kwawo kunali ku Balaka. Anabwera ku Chintheche chifukwa bambo ake ankaphika pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Nthawi zonse akamayandikira dziwelo ankatseka mphuno, kumaseka kuti Atonga amadya zinthu zimene anthu ena amataya. Tsiku limeneli sanatseke. Anayamikira kuti lero ndiye kuli bwino, sikukununkha.

Mawu amenewo anamuopsa Sungeni, chifukwa chinangwa chimene chikufewa sichibisala, chimamveka ndi fungo. Anachotsa mwala, napisa dzanja m'madzi ozizirawo nkudina. Chinali gwa, kungofewa pang'ono pamwamba pokha.

Anakhala pansi nkumufotokozera mnzakeyo zonse, za mlongo wake, za munda, za ufa umene unkafunika mawa lomwelo.

"Iwe, nkhani yake ndi yomweyo?" anatero Jackie. "Kwathu chinangwa timangozula nkutafuna chachiwisi, palibe amafa. Inu a kuno mumakonda kuvutika. Vuula, tisinje ndi mphamvu, tiyanike pa malata. Dzuwa ndi mphepo zimaliza zotsalazo. Munthu wa ku Joni adziwa chiyani? Anazolowera buledi ameneyo."

Sungeni anayesa kunena kuti chinangwa cha kwa a Jackie ndi chozizira, chosawawa, ichi ndi china. Jackie anamufunsa ngati anaonapo ndi maso ake munthu atadwala nacho. Sungeni anali asanaonepo, ankangomva. Jackie sankafuna kumupweteka mnzake, ankalangiza zimene ankadziwa. Koma Sungeni ankadziwa zoposa pamenepo, ndipo anavuulabe.

Anasinja awiriwiri, zibenthu zikudumpha mumtondo ngati zikukana. Anayanika mopyapyala pa malata akale kuseri kwa nyumba. Mwera unawomba, dzuwa nalo linathandiza. Lachisanu ataweruka Sungeni anasinjanso nkusefa, ndipo ufa unatuluka woyera mbee, woposa uliwonse umene anapangapo. Zinthu zoipa zimadziwa kutchena.

3. Mbamu yoyamba

Mayi Margret anafika masana ndi thumba la mpunga pa njinga ya kabaza, komanso chimfine chadzaoneni chimene anachitola m'madzi a ku Limphasa. Masiku onse mayiwa ankauweruza ufa ndi mphuno ali chiimire pakhomo. Tsiku limenelo mphuno inali yotseka, moti ngakhale utsi sankaumva.

Anatapa ufa pa lichero, kuupekesa ndi zala, nkumwetulira. Anati mwana wakula, wayamba kufanana manja ndi mayi ake. Sungeni anamva kuwawa mumtima. Bola akanamukalipira. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma mayi Margret anali atamutuma kale kunyanja kukagula nsomba ya batala asodzi asanamalize kugulitsa.

Winston anatsika minibasi chakumadzulo. Anali atanenepa, wotchi ikunyezimira pamkono. Kumwendo kwake kunakakamira kamtsikana ka zaka ngati zisanu, mwana wake Miracle, wobadwira ku Joni komweko. Mayi a mwanayo anatsala chifukwa cha ntchito. Anthu a pamudzi anabwera kudzalonjera, ena kudzangoona sutikesi. Miracle akamupatsa moni wa Chitonga ankangobisa nkhope m'buluku la bambo ake.

Winston anakumbatira mlongo wake, nadabwa kuti kamwana kamene anakasiya kakuyamba kumene sukulu tsopano kamufika m'phewa. Koma nyumba ankaiyang'ana ngati mlendo, ndipo foni sinkachoka m'manja. Asanamwe ndi madzi omwe ananeneratu dongosolo lake: bambo wa ku Mzuzu adzabwera Lolemba, iye Lachiwiri akwera basi yobwerera. Mayi Margret anadzuka pamene anakhala. Anangopita kukhitchini nkuteleka madzi, naitana Sungeni kuti abwere ndi ufa.

Kenaka anachita chimene Sungeni anali ataiwala. Anayala mphasa pafupi ndi khomo la khitchini nkukhazikapo Miracle. M'banja mwawo munali mwambo wakuti mwana wobadwira kutali akafika koyamba, mbamu yoyamba imakhala yake. Amamudyetsa munthu wamkulu ndi dzanja lake wina aliyense asanasambe m'manja, kuti mimba ya mwanayo idziwe kwawo.

"Woyamba kudya ndi uyu," anatero mayi Margret. "Bambo ake adikire."

Sungeni anaima ndi lichero m'manja. Anayang'ana kamwanako, timikono take tating'ono, timaso take tochita chidwi. Miracle anaona kuyera kwa ufawo, nadzuka nkutambasula chala kuti alaweko. Sungeni anakweza lichero m'mwamba mwamsangamsanga mpaka ufa wina unamuwazikira kumaso.

"Ama, ufa uwu musaphike," anatero Sungeni. "Ndinachedwa kuviika. Ndinavuula chisanafewe."

Winston, amene anali pakhonde, anatsitsa foni.

4. Chaka cha kodikodi

Mayi Margret anaphula madzi aja. Anatapa kaufa pang'ono nkuika pansonga ya lilime, nalavula msanga. Anakhala pa mtondo wogwadika nkuuza Sungeni kuti akhale pansi. Sanakuwe, ndipo mwina kukuwa kukanapepuka.

"Mwanawe, ukuganiza kuti timaviika chinangwa chifukwa tilibe chochita? Chaka chimene tizilombo ta kodikodi tinagwa m'minda muno, ine ndinali msinkhu wakowu. Masamba anapotana, pansi panalibe kanthu. Munthu ukazula unkapeza timizu tonga zala. Njala ilibe ulemu. Mayi wina amene tinkagundizana naye nyumba anaviika timizu take, ana akulira, iye nkulephera kudikira. Anavuula ngati mmene wachitira iwemu. Atadya, nyumba yonse inagwidwa chizungulire, kusanza, miyendo osaima. Akuluakulu anachira. Kamnyamata kake kotsiriza, Griffin, kamene ndinkakabereka kumbuyo ine, tinakakaika kumanda. Mayi uja sanali mfiti. Anali munthu wabwino amene anafulumira. Chiphe cha chinangwa chowawa sichiopa mtondo, sichiopa sefa. Chimachoka ndi madzi ndi kudekha basi. Ndipo chimayambira pa wamng'ono."

Anayang'ana Miracle, amene anali atathawira pamiyendo pa bambo ake, nkupitiriza.

"Chaka chomwecho agogo ako anatola mitengo yochepa ya NyaLongwe imene inapulumuka, nkukaibzala kutsidya kwa dambo. Ankaiyendera ngati wodwala. Ife tikulira ndi njala, iwo anakana kuzula ngakhale phata limodzi mpaka mbewu itachuluka. Chinangwa chonse chili m'munda mwa mayi akomo chinachokera pa kudikira kumeneko. Tsono iwe wachedwa kuviika, limenelo ndi tchimo la ana onse. Wavuula chosapsa uku ukudziwa, limenelo ndi lalikulu, ndipo usadzabwerezenso. Koma wanena ufa usanalowe m'madzi. Chimenecho ndicho ndidzakumbukire ine."

Sungeni analira, misozi ikulemba mizere pa ufa umene unali kumaso kwake. Mayi Margret anamutuma kukakwirira ufawo m'dzenje lakuya kuti nkhuku zisaufukule.

Madzulo amenewo anadya mpunga ndi batala, ngati anthu a pa ukwati wa eni. Winston anangoti palibe kanthu, mpunganso ndi chakudya. Mawu aulemuwo ndiwo anamupweteka kwambiri Sungeni. Chinangwa china sichikanapsa basi ya Lachiwiri isananyamuke. Anaona ngati munda wa mayi ake waugulitsa yekha ndi manja ake, pousinthanitsa ndi mpira.

5. Wozula ndiye wobzala

Loweruka m'mawa Sungeni anatenga khasu, chikwanje ndi dengu. Panalibe amene anamutuma. Ankadziwa kuti wachedwa, komabe m'nyumba munafunika ufa. Pa njira anakumana ndi Jackie akupita kukachapa, namuuza nkhani ya Griffin. Jackie anagwira pakamwa, napepesa mobwerezabwereza, nalonjeza kuti adzabwera kudzathandiza kusinja, ulendo uno chikadzanunkha ndithu.

Asanazule ngakhale phata lachiwiri anamva mapazi kumbuyo. Anali Winston, atavala mapatapata obwereka, Miracle ali paphewa. Anati wabwera kudzaona malire a munda kuti Lolemba asadzasochere pamaso pa wogula.

Malirewo sanawafike. Anaima nkumayang'ana mmene mlongo wake ankakumbira, mpaka analephera kupirira. Anati akutema chinangwa pakati ngati akupha njoka. Anatsitsa mwana, kuvula wotchi nkuisiya pansi pa mtengo wa mango, nkulanda khasu. Anakumba mozungulira, nagwira tsinde ndi manja awiri nkugwedeza pang'onopang'ono, ndipo phata lonse linatuluka lathunthu, osathyoka ngakhale chimodzi. Anaseka kwa nthawi yoyamba chifikireni.

Anazula lina, nkuzulanso lina. Pakamwa pake pankakamba za ku Joni, za kuzizira kwake, za kachipinda kamene ankapanikizanamo atatu. Koma manja ankachita zawo. Akazula ankatola mtengo uja, kuuduladula ndi chikwanje, kuunda dothi, nkuzika zidutswazo chopendeketsa. Limeneli linali lamulo la mayi awo, loti wozula ndiye wobzala, munthu sachoka m'munda kusiya dzenje lopanda mbewu.

Miracle naye anatola kamtengo nkukazika chadodolido. Bambo ake anagwada nkukatembenuza, namuonetsa timaso ta pamtengopo, kuti timayenera kuyang'ana kumwamba. Sungeni anamva kuti akumulankhula m'Chitonga, ndipo mwanayo ankagwedeza mutu ngati akumva.

Anasenda onse awiri pansi pa mtengo wa mango, nkutsikira ku dziwe. Winston ataona mwala wafulati uja anaima nji. Anati anausenza yekha kuchokera kunyanja ali Sitandade 7, mayi ake atadandaula kuti chinangwa chikuyandama, ndipo khosi linamuwawa sabata yonse. Anausisita ngati mutu wa mwana, nautsindira yekha pamalo pake. Anakhala chigwadire kwa nthawi, ndipo Sungeni anayang'ana kumbali kuti mlongo wake apukute m'maso momasuka.

"Chipsa liti?" anafunsa Winston.

"Chala ndicho chidzanene, achimwene."

"Pofika Lachiwiri?"

Sungeni akanatha kunena kuti mwina. Koma anali ataphunzira. Anati ndi mwera umenewu sizingatheke, ndipo chikapsanso pafunika kuyanika.

Winston anatulutsa foni, kuiyang'ana, nkuibwezanso m'thumba. Anati basi za ku Joni sizinathe m'dziko, ina idzapezeka. Mwana wake sangabwerere asanadye mbamu ya kwawo. Sungeni anamva chimwemwe chimene sichinamufikepo ngakhale pomwetsa chigoli.

Pobwerera anadutsanso pamene anazula paja. Mzere wa mitengo yongobzala kumene unali ndondondo pa dothi lonyowa, kamtengo ka Miracle kali kumapeto. Sungeni anaima, dengu lopanda kanthu lili pamutu.

"Achimwene, mitengo mwabzalayi adzazule ndani?"

Winston anayang'ana mzerewo ngati munthu wodzidzimuka kutulo. Anayang'ana manja ake, dothi lili m'zikhadabo. M'dzanja lamanzere munali kachidutswa kamodzi kotsala, kamene anakanyamula osadziwa.

Asanayankhe, kumtunda kunalira hutala. Galimoto yoyera inali itaima m'mphepete mwa munda. Munatuluka bambo wamimba atavala chipewa, pambuyo pake anyamata awiri atanyamula chingwe choyezera malo ndi zikhomo. Wogula uja sanathe kudikira Lolemba.

Winston ananyamula Miracle nkumupereka kwa Sungeni. Kenaka anayamba kukwera kulunjika ku galimotoyo, wotchi yake itatsala pansi pa mango, kamtengo ka NyaLongwe kali chigwirire m'manja.